Mgolo Wochapira wa Jesinta

Tsiku limene Jesinta anakumana ndi Rafaelo, anali atagwa pansi.

Munali mu Juni 1956, nyengo imene nkhungu imatsika m'mapiri a ku Dedza n'kukhala m'midzi mpaka masana. Jesinta ankachokera kumtsinje, beseni la zovala zonyowa lili pamutu, ndodo ili m'manja. Mwendo wake wamanzere unalumala ali ndi zaka zinayi, ndipo chitunda cha kumtsinjeko chinali choterera. Ndodo inaphonya mwala, iye khu pansi, zovala zonse mbwee m'dothi lofiira.

Mwamuna wina amene ankadutsa pa njinga anatsika msanga.

"Pepani mayi. Mwavulala?"

"Sindinavulale. Pitirizani ulendo wanu."

Mwamunayo sanapite. Anatola mabulangete awiri, zovala za akazi anazisiya kuti mwiniwake atole yekha. Jesinta anaona ulemu umenewo, mtima unakhalako pansi.

"Ndine Rafaelo," anatero mwamunayo. "Ndimasula zitsulo ku mishoni. Ndangobwera kumene kuchokera ku Bulawayo. Kodi chitunda chimenechi mumachikwera kangati?"

"Kawiri pa sabata. Mayi anga nyamakazi inawagwira zala, ndiye wochapa ndine."

"Nanga ndi nkhungu imeneyi zimauma?"

"Masiku atatu pachingwe. Nthawi zina timangofunda zachinyezi."

Rafaelo anayang'ana manja a Jesinta amene anali atang'aluka ndi madzi ozizira.

"Ku Bulawayo ndinkakonza makina a pahotela ya azungu. Kuli makina amene umaikamo zovala zakuda n'kutseka chitseko. Amachapa, amafinya, ndipo ena amaumitsa. Zovala zimatuluka zofunda ngati buledi."

Jesinta anaseka ngakhale bondo linkamuwawa. "Anthu ochokera ku Bulawayo simusowa nkhani."

"Nditakupangirani, mungati chiyani?"

"Ndingati mumatamba."

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, Rafaelo anafika kwa a Nangozo, mayi ake a Jesinta. Anagwada, anapereka moni, kenako anatulutsa pepala limene anajambulapo migolo iwiri.

"Magetsi kuno kulibe, ndiye mphamvu ichokera kwa munthu," anafotokoza. "Uwu ndi wopalasa ndi miyendo ngati njinga. Uwu ndi wopukusa ndi manja. Musankhe ndinu, Jesinta, chifukwa wogwiritsa ntchito ndinu."

Palibe munthu amene anamuuzapo Jesinta kuti asankhe kanthu. Anthu ankangomuchitira, kapena kumusiya. Analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Wa manjawu," anatero. "Koma chitseko mwachiika pamwamba. Ine sindingaimirire nthawi yonseyo. Chikhale pambali, poti ndingafike nditakhala pa mpando."

Rafaelo anamuyang'ana modabwa, kenako anafufuta ndi chala n'kujambulanso.

"Mutu wanuwu ukanakhala ku Bulawayo, azungu akanaulemba ntchito."

Masabata asanu ndi awiri anatha Rafaelo akugogoda zitsulo akaweruka. Anapeza mgolo waukulu wa mafuta, anautsuka, anaugoneka pa miyendo ya mlombwa. M'kati mwake anaikamo mgolo waung'ono wobowolabowola. Anatenga tcheni cha njinga yakufa n'kuchilumikiza ku chopukusira. Pansi anaikapo chiwaya cholowa ndi kutuluka, choikamo makala. Madzi anawatenga pa kasupe wa kumtunda kwa mudzi, m'nsungwi zong'amba pakati, mpaka anafika pakhonde penipeni pa a Nangozo.

Tsiku loyamba kuyesa, makala anachuluka. Nsalu ya a Nangozo inatuluka ili ndi chibowo chokwana mutu wa munthu.

"Bambo inu, mwabwera kudzachapa kapena kudzawotcha?" anafunsa a Nangozo.

Jesinta ndi amene anapeza nzeru yokwirira makalawo ndi phulusa kuti kutentha kuzibwera pang'onopang'ono.

Tsiku lachiwiri, mudzi wonse unasonkhana. Jesinta anakhala pa mpando wake, anatsegula kachitseko, anaikamo bulangete lakuda bii ndi zidutswa za sopo. Anayamba kupukusa. M'kati munkamveka khuvu khuvu ngati mtsinje wodzaza. Anazula chitsekerero, madzi akuda anatuluka. Anathira ena, anatsukuluza. Kenako anasamutsira tcheni pa gudumu laling'ono monga Rafaelo anamuphunzitsira, mgolo wam'kati unathamanga mpaka kulira, madzi akudontha okha popanda wofinya. Analowetsa chiwaya cha makala n'kumapukusa modekha. Nthunzi inayamba kutuluka pa kapaipi ka pamwamba.

Anthu anadikira. Ena anakhala pansi, ena anapita kunyumba n'kubweranso.

Dzuwa lisanapendeke, Jesinta anatulutsa bulangete lija. Linali loyera, louma, lofunda. Nkhungu inali ikadali pamitengo, chingwe choyanikira chili chopanda kanthu.

Mayi wina wachikulire analigwira, analinunkhiza, analiika patsaya.

"Dzuwa mwalitsekera mu mgolomu?" anafunsa motsitsa mawu.

A Nangozo anachita chizindikiro cha mtanda. Jesinta anayang'ana manja ake. Anali ouma, osang'aluka, osanjenjemera. Kodi ndi iye yemweyo amene ankakwawa pa miyala ya kumtsinje? Misozi inayamba kutsika yokha.

Rafaelo anawerama pafupi naye. "Ndimatamba?"

"Mumatamba ndithu," anayankha akuseka ndi kulira pamodzi.

Mbiri inafika ku Linthipe, inafika ku Kasina. Amayi ankayenda mitunda kudzaona mgolo umene umachapa ndi kuumitsa. Oyembekezera, odwala msana ndi okalamba ankabwera ndi mitolo yawo, Jesinta n'kumawaonetsa pogwira. Mtsikana amene ankatchedwa "wa mwendo uja" anayamba kutchedwa "mwini makina".

Rafaelo naye ankabweretsa zovala zake Loweruka lililonse, ndipo m'thumba la malaya simunkasowa kapepala.

Koyamba kanali ndi mawu ochepa: "Duwa la m'phiri, wagona bwanji?"

Kachiwiri: "Chitsulo ndimachipinda ndi moto, koma iwe wandipinda ndi kuseka kokha."

Kachitatu kanamusowetsa mtendere sabata yonse: "Jesinta wanga, ndikufuna ukhale mayi wa kunyumba kwanga. Pamene mwendo wako walephera, pazifika wanga. Sindidzakusiya mpaka dothi."

Loweruka lotsatira Jesinta anamudikirira pakhonde.

"A Rafaelo, ndifunse. Mwandikonda, kapena mwandimvera chisoni?"

"Chisoni chimapanga mgolo umodzi n'kupita. Ine mgolo ndinamaliza kalekale. Ndikubwererabe chiyani?"

"Abale anu akadzati mkazi wolumala sangalime?"

"Ndidzalima ndine. Iwe ndiwe mtima wanga, Nangozo wamng'ono. Munthu amafunsa abale kuti mtima wake ugunde?"

Jesinta anabisa nkhope m'nsalu. Analola.

Rafaelo anapereka mpango wabuluu ngati chikole. Amalume ake a Jesinta anavomera kukumana ndi ankhoswe a kuchimuna. Koma nkhani yokalembetsa ukwati kwa abambo ansembe kutchalitchi ikabwera, Rafaelo ankati, "Tidikire mvula ithe," kenako, "Tidikire tikolole." Jesinta sankadandaula. Munthu amene anamubweretsera mtsinje pakhonde angamunamize bwanji?

Kuzizira kutayambanso chaka chotsatira, Rafaelo anabweretsa jasi lake lalikulu limene anachoka nalo ku Bulawayo. Jesinta anapisa m'matumba monga mwa masiku onse. Anapeza kapepala: "Masiku atsala pang'ono, wokondedwa." Anamwetulira, analiponya jasilo mu mgolo.

Litauma, anamva kanthu kolimba m'munsi mwake, pakati pa nsalu yakunja ndi yam'kati. Thumba lina linali lobowoka, ndipo kanthuko kanagwera m'menemo. Anasomola ulusi pang'ono n'kukatulutsa.

Chinali chithunzi, chopindika ndi kutentha koma chooneka bwinobwino. Rafaelo anali ataima pakhomo la tchalitchi atavala suti. Pambali pake panali mkazi wamtali atavala zoyera ndi velo, atagwira maluwa. Kuseri inki inali itasungunuka, koma dzina limodzi linkawerengeka: Sibongile.

Jesinta anakhala pa mpando paja osagwedezeka. Makala anazima m'chiwaya. Kodi maso angamunamize? Anachitembenuza chithunzicho kambirimbiri, ngati kuti nkhope ija isintha. Inali yomweyo, ndi kumwetulira komweko kumene ankamwetulira akamutchula duwa la m'phiri.

Rafaelo anabwera masana kudzatenga jasi. Jesinta anamupatsa jasilo, chithunzi chili pamwamba.

Mwamunayo anachiyang'ana, anakhala pansi pa dothi.

"Anamwalira?" anafunsa Jesinta. Mumtima ankapempha, ngakhale ankadziwa kuti ndi tchimo, kuti yankho likhale eya.

"Ali moyo."

"Ana?"

"Awiri. Stefano ndi Magadalena."

"Akudziwa kumene muli?"

Rafaelo anapukusa mutu. "Ntchito itatha pahotela paja, tinayamba kukangana tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza kuti ndikukaona mayi anga akudwala, ndibwera mwezi ukatha. Sindinalembe kalata ngakhale imodzi. Jesinta, ndikulumbira, zonse ndinakulembera zinali zochokera mumtima. Ndinkaopa kuti ndikakuuza undithamangitsa. Kutchalitchi ndinkazengereza chifukwa abambo akanalemba kalata ku Bulawayo kukafunsa."

"Ndiye mumati titani? Ndikalambe ndikudikira kukolola?"

"Tithawe. Tilowe ku Chipwitikizi, malire ali pompa. Kumeneko palibe atidziwa."

"Kuthawanso?" Jesinta anamuyang'ana. "Ine ndi ndodo yangayi ndithawe, mayi anga ndiwasiyire ndani? Ndipo tikadzakangana kumeneko, mudzati mukukaona ndani akudwala?"



Jesinta anamasula mpango wabuluu kumutu, anaupinda bwinobwino n'kuuika pa jasi paja.

"Amalume ndiwauza ndekha. Inu pitani kwa ana anu."

Masiku anayi Jesinta sanatuluke m'nyumba. Amayi obwera ndi mitolo ankabwerera. A Nangozo ankangokhala pambali pake, akumusisita msana ndi zala zawo zopindika.

Tsiku lachisanu m'mawa kunamveka kugogoda kwa chitsulo pakhonde. Jesinta anatuluka. Rafaelo anali atagwada pa mgolo, akumanga mabawuti, sutikesi yake ili pambali. Nkhope inali itagwa.

"Basi ya ku Blantyre idutsa pa Linthipe masana," anatero osadzutsa mutu. "Kumeneko ndikakwera sitima. Ndakusiyira sipanala iyi ndi tcheni china. Mafuta uzithira apa ndi apa, kamodzi pa sabata. Tcheni chikaduka, uchotse kachitsulo aka, ulumikize chonchi. Bwera uyese."

Jesinta anakhala pa mpando wake. Anachotsa kachitsulo, analumikiza, anapukusa. Mgolo unazungulira bwinobwino. Manja awo anayandikana koma sanakhudzane.

"Sindidzaonanso mkazi ngati iwe," anatero Rafaelo.

"Mawu okoma musiye, a Rafaelo. Ndawamva okwanira." Jesinta anayang'ana mgolo uja. Ngakhale tsiku limenelo unkamudabwitsabe: migolo iwiri yotayidwa, njinga yakufa ndi nsungwi, zonse zikumvera dzanja lake limodzi. Zingatheke bwanji kuti manja amene anapanga chinthu chotere akhale omwewo amene analemba mabodza aja?

"Ndifunse chimodzi chomaliza," anatero. "A Sibongile amachapa kuti?"

Rafaelo anadabwa ndi funsolo. "Pa mpopi wa mukomboni. Pamwala."

"Ndi manja?"

"Ndi manja."

"Matewera a ana awiri, zovala zanu za mafuta, zonse?"

"Zonse."

"Zaka zingati?"

"Zisanu ndi chimodzi."

"Inu mukukonza makina a azungu tsiku ndi tsiku, nzeru zonsezi zili m'mutu mwanu. Munawapangira wawo?"

 Rafaelo anayang'ana manja ake akuda ndi mafuta nthawi yaitali.

"Sindinaganizepo," ananena pomaliza.

"Mukafika mukagwade, mukapepese. Akakulandirani, mukawafunse kuti akufuna wotani, chitseko chikhale pati. Musakawauze za ine."

Rafaelo ananyamula sutikesi. Anatsanzika a Nangozo, amene sanamuyankhe. Pa mtengo wa pichesi wa kumapeto kwa bwalo anaima n'kucheuka.

"Jesinta, undikhululukira?"

"Lero ayi," anatero. "Pitani, basi ingakusiyeni."

Anamuyang'ana akutsika njira ya ku Linthipe mpaka anabisika kuseri kwa minda ya mbatata. Apo m'pamene anatsamira mutu pa chitsulo chozizira cha mgolo uja n'kulira mokweza, mayi ake atamugwira mapewa.