Misomali Yoitana Mphepo

Thumba lathunthu la misomali ya malata, yatsopano, yazipewa zake, osalipira ngakhale kakobiri. Munthu wamutu wabwino akamva malonda otere amayamba wafunsa kuti mwini katunduyo wamwalira liti. Koma Wamalata, mwini sitolo ya zomangira m'katauni kaja, anafunsa funso limodzi lokha: "Thumbali ndibweze, kapena ndi langanso?"

Dzuwa linali litapendeka, iye akulowetsa katundu amene ankamuyala pakhonde: ndowa, makasu, mapaipi. Malata sankawatulutsa n'komwe, chifukwa chaka chonsecho anali atangoti mbwee m'sitolo. Kuipa kwa denga n'koti munthu akafolera kamodzi amakuiwala zaka makumi awiri. Apo m'pamene panatulukira bambo wina wamtali akukankha wilibala. Kunja kunali bata, ngakhale tsamba silinkagwedezeka, koma malaya a bamboyo ankakupiza ngati ali pachingwe. Ankamveka fungo la fumbi limene langodonthedwa mvula yoyamba.

"Denga lokhomedwa ndi misomali iyi silikhalitsa," anatero mlendoyo. "Mphepo imaidziwa, imabwera kudzaitenga. Munthu mmodzi mudzamugulitsa malata kawiri."

"Nanga inu phindu lanu?"

"Denga ndi lanu. Za pansi pa denga ndi zanga."

Wamalata anaganiza za mipando, mapoto ndi mabulangete a anthu ena, n'kuona kuti mtengowo ndi wabwino. Komabe anali ndi nthenda yake: chibadwire sanagulepo chinthu osapempha basela. Ngakhale kuchipatala ankapempha kuti amuwonjezere mapiritsi awiri.

"Ndiye mungondisiya chonchi, achimwene? Kabasela?"

Mlendoyo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndayenda m'matauni ambiri. Ndinu woyamba." Anapisa m'thumba la malaya n'kumuthira misomali yodzaza dzanja. Inali yozizira ngati yachokera m'firiji.

Thumba lalikululo analitsekera m'sitolo. Koma za basela sankazisakaniza ndi malonda, zinkapita kunyumba. Misomali ija anaiponya m'chitini cha penti pamwamba pa kabati, momwe munali kale mabatani, makiyi osatsegula kanthu ndi tizingwe timene anapemphapempha kwa amalonda ena, n'kuiwala.

Ya m'thumba anaigulitsa motchipa, anthu n'kuikhamukira. Woyamba kudandaula anali kalipentala, mlongo wa mkazi wake.

"Alamu, misomali yanuyi ikundiopsa. Ndikangoigunda kamodzi ndi hamala imalowa yokha. Ukaika khutu pathabwa, imalira ngati udzudzu."

"Mukudandaula kuti ntchito yapepuka? Bweretsani kangachepe kothokoza."

Patapita milungu itatu, masana dzuwa likuswa mtengo, kamvuluvulu wamng'ono anadzuka pamsika. Anadutsa nyumba zisanu osagwetsa ngakhale chovala choyanika, n'kukaima pamwamba pa shopu ya telala. Denga linazuka lonse. Lata limodzi linabwerera pansi cham'mbali, ngati mpeni. Telalayo anthu anamupeza atakhalabe pamakina ake, phazi lili pachopondera, mutu uli pakhomo. Makinawo anali asanasiye kuzungulira.

Wamalata analira nawo pamaliro, diso limodzi likuyeza dengalo. Apa anayamba kumvetsa tanthauzo la za pansi pa denga, koma anamvetsanso kuti malata ayamba kuyenda. Kenako mphepo inakafika kwa mayi wophika buledi. Iye ndi ana ake awiri sanapezeke n'komwe, kupatula nsapato imodzi pamwamba pa mtengo, phazi likadali momwemo.

Anthu akachita mantha amasaka mfiti yosauka, chifukwa yolemera imavuta kumenya. Anagwira nkhalamba yokonza maambulera imene inkakonda kuimba mluzu pogwira ntchito, ati ndi mluzuwo ikuitanira mphepo. Anaimangirira pamtengo, n'kuiphwanya mano ndi mwala kuti isadzaimbenso. Chingwe chake anagula kwa Wamalata.

Mochenjera, Wamalatayo sanakhudze denga la sitolo yake kapena la nyumba yake. Onse awiri anali ndi misomali yakale, yadzimbiri. Mkamwini wake atafolera nyumba yatsopano ndi misomali yotchipa ija, Wamalata anathamanga kukatenga mwana wake wamkazi, amene anali ndi pakati, atatsala pang'ono kuchira.

"Ukadikirire kwathu, kumeneku si kwabwino."

"Bwanji, ababa? Nyumba yatsopanoyi?"

"Fungo la penti. Nyamula chikwama."

Kunyumbako mkazi wake anali ndi lake dandaulo. "Abambo, denga likudontha pabedi pa mwanayu."

"Ikanipo beseni."

"Ogulitsa malata, koma ife tikugona ndi mabeseni ngati abakha."

"Dengalo asalikhudze munthu. Ndanena."

Chifukwa chake sananene. Mayiyo anangoti ndi kuumira kwa masiku onse, ndipo kuumira kwa mwamuna wake anali atakuzolowera kukuzemba.

Tsiku lalikulu linafika theka la katauni litakhomedwa ndi misomali ija. Kuyambira m'mawa kunatentha modabwitsa, agalu n'kulowa kunsi kwa magalimoto. Cha m'ma thili koloko thambo linasanduka lobiriwira ngati nyama yowola. Kenako kunamveka kulira kuja kwa udzudzu, osati padenga limodzi, koma m'misewu yonse, mpaka mano kuchita dzanzi. Anthu anatuluka atatseka makutu. Kumadzulo, mtambo unatsitsa mwendo umodzi wakuda n'kuponda pansi.

Phokoso lake linali ngati malole zana akutsika phiri opanda mabuleki. Chimphepocho sichinkangowononga mwachisawawa, chinkasankha. Chinkalumpha nyumba iyi n'kung'amba inayo, kulumpha ziwiri n'kumeza yachitatu. Malata ankauluka m'misewu motsika, akumweta chilichonse choimirira. Wometa anadulidwa pakati akuthamanga, miyendo n'kupitirira masitepe awiri yokha. Wabutchala anakhomeredwa kuchitseko chake ndi thabwa la denga lake lomwe. Mayi wina anatsala atagwira kansalu kokhakokha, kamene anaberekera mwana. Kumwamba kunkazungulira mabedi, njinga ndi anthu, ena akukuwabe, ndipo madontho amene ankagwa pakhonde la sitolo anali ofunda, osati a mvula.

Wamalata anaima pakhomo la sitolo yake, tsitsi lake osagwedezeka. Kalipentala anagwera mkatimo, khutu limodzi likulendewera, magazi ali chuchuchu.

"Alamu, tithawire kwanu! Kumene kuja denga ndalilimbitsa m'mawa uno."

"Mwatani?"

"Achemwali anandiitana inu mutachoka. Ati likudontha pa mwana."

"Misomali munaitenga kuti?"

"Musaope, sitinawononge ndalama. Tinapeza ina m'chitini pamwamba pa kabati."

Wamalata sanatseke sitolo, koyamba m'moyo wake. Anathamanga akulumpha mitembo ya makasitomala ake, mawaya ndi zidutswa za malata zikumucheka akakolo, kalipentala akumutsatira pambuyo. Ali pakona ya msewu wawo, anaona mwendo wakuda uja ukudumpha nyumba ya aneba n'kuponda pa yake. Anamva mawu a mkazi wake akuitana mwana wawo, kamodzi kokha. Kenako mtambo unakweza mwendo wake, kunja kunayera, mbalame n'kuyamba kulira.

Makoma anali chiimire. Denga kunalibe. Mkati munali mosesedwa bwino kuposa mmene mayiyo ankasesera: munalibe bedi, kabati kapena kapu. Munatsala beseni lokha pakati pa chipinda, litadzaza mpaka m'milomo, ndipo sanali madzi.

Mlendo uja anali pabwalo ndi wilibala yake. Misomali inkagwa kuchokera kumwamba umodziumodzi, yowongoka, yonyezimira, n'kumalowa yokha m'thumba. Kalipentala anayang'ana thumbalo, n'kuyang'ana mlamu wake. Anangotembenuka kukaitana anthu amene anatsala.

Wamalata anagwada. Chinthu chimodzi chokha ankachidziwa padziko, ndipo ndi chimene anayesa.

"Achimwene, tikambirane. Tengani sitolo. Tengani malata onse. Tengani ineyo."

"Inu simunali pansi pa denga."

"Ndiye tsitsaniko. Mundibwezere mmodzi yekha."

"Mtengo tinagwirizana pakhonde paja. Mkazi wanu ndi mwana wanu, awiri."

"Mwanayo anali ndi pakati. Wam'mimbayo sanali pamalonda, anali asanabadwe n'komwe!"

Mlendoyo anamanga thumba lake pakamwa, n'kugwira zogwirira za wilibala. Malaya ake ankakupizabe.

"Ameneyo ndi kabasela," anatero. "Mwandiphunzitsa ndinu."

Anakankha wilibala kulowera kumsewu wopita tauni yotsatira. Kumbuyo kwa Wamalata anthu anali atayamba kusonkhana mwakachetechete, atanyamula zidutswa za malata. Patsogolo pawo panali nkhalamba yokonza maambulera, yopanda mano, itagwira chingwe chomwe chija.

M'katauni monse munaikidwa anthu makumi anayi ndi mmodzi, amene sanagule kanthu kupatula misomali yotchipa. Wamalata, amene sanalipirepo mtengo wathunthu wa chinthu chilichonse, analipira mkazi, mwana ndi mdzukulu, ndipo dzuwa lisanalowe anawonjezerapo khosi lake.