Konkire Wouma Msanga

Mtembo unapezeka Lolemba m'mawa m'ngalande ya kuseri kwa maofesi a khonsolo, mutu utaswedwa, tayi ili m'malo mwake. Anali woyendera zomangamanga, munthu woti asanagwedeze mutu palibe wothira konkire m'tauni yonse. Dokotala anati wagona mmenemo kuyambira Lachisanu.

Wofufuza wamkulu, amene anzake ankamutcha Chimphuno, anayang'ana khamu lija kufuna wolira. Panalibe. Wokana mapulani a anthu sakhala ndi omulira, amakhala ndi omuonerera.

Pofika masana anali atatsekera kale mayi wasaluni, amene anakatukwana malemu kukhonsolo chifukwa cha nyumba yosanja imene inkamangidwa pageti pake.

"Munati mudzamuswa mutu, mayi?"

"Ndinanena! Ndinauzanso wamagetsi, ndi mwamuna wanga yemwe. Onse ali moyo, tsoka langa."

"Mawa kukhoti."

"Ana anga muwalera ndinu? Kanunkhizeni zimene akukumba pageti panga, osati ine!"

Chimphuno anapitadi. Kontilakitala womanga nyumba yosanja ija anamulandira atavula chipewa, nkhope ya maliro ataivala bwinobwino.

"Imfa iyi yandibaya, bwana. Ndaimva m'mawa uno. Amayenera kubwera lero kudzaona maenje a maziko."

"Ndiye mukudikira chilolezo?"

"Lamulo ndi lamulo. Sitithira asanaone."

Chimphuno anakankha ndi phazi lata limene linavundikira dzenje. Pansi pake panali konkire. Analumphiramo, n'kumenya chidendene. Gu! Ngati mwala.

"Achimwene, konkire wa lero amameza nsapato. Uyu wagonera. Tauni yonse imadziwa kuti Lolemba woyendera abwera, ndipo akapeza mwathira agumulitsa. Inu nokha munadziwa kuti sabwera. Mumalota?"

"Anyamata anga ndiwo…"

"Anyamata anu amalamula galimoto ya simenti? Tiyeni, mukawanamizire titakhala pansi."

M'chipinda chofunsira mafunso munthu uja anatuluka thukuta mpaka kolala inada. Chimphuno anasuzumira pakhomo n'kuuza wapolisi kuti atulutse mayi wasaluni asanawagumulire selo ndi pakamwa. Atatembenuka, kontilakitala anali atayamba kale kuulula.

"Maziko analowa mumsewu pang'ono, sitepe imodzi basi. Lachisanu ndinamudikira akuweruka, ndimupemphe aone ndi diso limodzi. Anati ndikwirire, ndiyambirenso. Kachitatu, bwana! Mwini nyumba anali atanena kuti ikalephereka apa, ntchito apatsa wina. Ndinagwada. Woyendera uja n'kuseka, ati ndibwerere kokaumba njerwa kumene ndinachokera. Njerwayo inali pomwepo, pafupi ndi bondo langa."

"Ndiye n'kuthamangira kukathira?"

"Ndimati wolowa m'malo mwake adzapeze zouma. Chouma sachifunsa."

"Ine ndachifunsa, chayankha," anatero Chimphuno, akugwedeza unyolo. "Dzukani, amisiri. Kumene mukupitaku maziko ndi ovomerezeka, makoma ndi okhuthala, ndipo palibe adzakuuzeni kuti muyambirenso."