Mzere Wofiira pa Mapu a Tenson

Mtembo unapezeka Lachiwiri, pa 14 Meyi 1957, nthawi ya 6:45 m'mawa. Anauona ndi amayi awiri opita kukatunga madzi, pamalo pomwe kanjira ka njinga kochokera ku Chalimbana kamatsetserekera kukamtsinje kasanakwere kulowera ku Palabana. Pofika 8:20, Sajeni Matthias Njobvu anali atazimitsa kale njinga yake yamoto pansi pa msuku.

Pa zaka makumi awiri ndi zitatu zofufuza milandu, Sajeni Njobvu anali ataona mitembo ya m'ngalande, ya m'zitsime ndi ya m'mbali mwa njanji. Koma wogonekedwa mwaulemu chotere anali asanauonepo. Mnyamatayo anali chagada pa udzu woyalidwa bwino, maso otsekedwa, miyendo yowongoledwa. Nsapato zinavulidwa n'kuikidwa pambali, ndipo zala zazikulu za kumapazi zinamangidwa pamodzi ndi luzi laliwisi. Kuseri kwa khutu lamanzere kunali bala limodzi lokha. Njinga inatsamizidwa pamtengo, wotchi ikugundabe padzanja.

"Ni Tenson Mvula uyu," anatero mmodzi wa amayiwo uku akusisima. "Dalaivala wa kwa Kasiteli, Mtaliyana wa ng'ombe za mkaka uja. Anakwatira kwa a Ezron Mbewe, kuseri kwa chulu chachikulu."

Pansi pa manja opingasa pachifuwa panali pepala lalikulu lopindidwa. Sajeni analisolola mosamala. Anali mapu a chigawo china cha ku Italiya chotchedwa Tosikana, ndipo mzere wa pensulo yofiira unkakhotakhota kuchokera mzinda wina kufika wina.

Pa famu, nthawi ya 9:30, Bwana Kasiteli anafotokoza za mapuwo misozi ili m'maso. Mwezi wa Juni ankapita kwawo kukapuma miyezi itatu ndi banja lake. Maso ake anali atayamba kuchita khungu, choncho anasankha Tenson kuti akawayendetse pa galimoto m'midzi ya kwawoko, ndipo mkazi wa Tenson, Rosaria, akalere ana. Mapuwo anam'patsa yekha kuti aphunzire misewu. Ndani sanakondwe nazo? Dalaivala mnzake, Bornwell Chirwa. Loweruka awiriwa anatukwanizana pa garaja, anthu akumva.

Pofika 11:00 Bornwell anali atakhala pa benchi m'kachipinda ka polisi ku Chongwe, akupotokola kapusi yake.

"Unamuuza chiyani Tenson Loweruka?" anafunsa Sajeni.

"Ba Sajeni, yanali mau chabe ya mkwiyo."

"Nifuna mauwo."

"Ninati sazafika na ku Beira komwe kokwerera sitima." Bornwell anaika kapusi pa bondo. "Zaka seveni niyendetsa malori ya bwana, osagundapo na nkhuku yomwe. Manje mwana wabwera dzulo, ati ndiye azaona Ulaya. Imwe simungakalipe?"

"Lero 6 koloko unali kuti?"

"Pa njira ya Kasisi, na mkaka. Tayala inaphulika. Masisitere awiri anaima na njinga zawo, ananipempherera mpaka jeke inagwira. Kafunseni, sanganame aja."

"Nanga ukanamupeza Tenson atagwa panjira, ukanamuwongola miyendo?"

"Ine, mtembo? Olo wa amai anga ninaonera patali!"

Masisiterewo anavomera zonse, ndi nthawi yomwe. Sajeni sanadabwe. Mumtima mwake funso linali litasintha kale. Munthu wa chidani amasiya mnzake m'fumbi n'kuthawa. Wakuba amavula wotchi, osati nsapato. Amene anayala udzu uja, natseka maso aja, namanga zala zija monga amachitira akuluakulu a kuchigawo cha kum'mawa, anali munthu woti mtima sunamulole kuchoka asanakonze maliro.

Nthawi ya 2:30 masana anafika pamudzi pa a Mbewe. Amayi ankalira m'nyumba, amuna atakhala pamikeka panja. Sajeni anam'peza Rosaria kuseri kwa nyumba, atatsamira chipupa, mwana wake Peterson, wa miyezi isanu ndi itatu, ali pamiyendo. Sanalinso kulira. Koma Sajeni atafunyulula mapu, mtsikanayo anatambasula dzanja n'kuwasisita ngati tsaya la munthu.

"Ife tinali titayamba kale ulendo," anatero motsitsa mawu. "Sabata iliyonse tikachoka ku Misa, tinali kuyala mapu pamphasa. Atate ake Peterson anali kukhala pamtondo, chivundikiro cha poto m'manja ngati chiwongolero. Amvekere, 'Gwira mwana bwino, Rosa, apa ni pokhota!'"

Chala chake chinayamba kutsata mzere wofiira. Apa, pa Firenze, akananyamuka m'mawa dzuwa lisanapse. Msewu waukulu Tenson anaukana, ati ndi wa anthu othamangira maliro. Anasankha kamsewu ka m'mapiri, komwe minda ya mphesa imayenda m'mizere ngati mizere ya mbatata, ndipo mitengo yaitali yowonda imaima m'mbali mwa njira ngati makandulo a pa guwa. Bwana anawauza kuti kumeneko m'chilimwe dzuwa limakana kulowa, limangoyendayenda pamwamba pa tirigu wofiira mpaka anthu atadya chakudya chamadzulo. Pa Siena akanagona masiku awiri. Pakamudzi kena ka pamwamba pa phiri, Tenson analembapo kamtanda: pamenepo akanaimitsa galimoto popanda chifukwa, kuti angoona.

"Apa pofufutidwa apa?" anafunsa Sajeni.

Rosaria anamwetulira. "Tinakangana masabata atatu. Ine ninali kufuna tiyambire kunyanja, iwo kumapiri. Dzulo anafufuta mzere wawo, naika wanga. Ati, 'Dalaivala ni ine, koma bwana wa njira ni iwe.'"

Sajeni anatembenukira kumbali. Kenaka anabwerera ku ntchito.

"Anachoka nthawi yanji lero?"

"Hafu pasiti faifi, monga masiku onse."

"Ndani wina anali atadzuka?"

"Atate chabe. Anatsogola kudimba na khasu. Anabwerako cha m'ma seveni." Anaima pang'ono, akugwedeza mwana. "Mwina mtima unawauza, a Sajeni. Peterson uyu akaona agogo ake amakwawa ngati wamisala, ndipo iwo amamunyamula asanatule na khasu lomwe. Lero anafutuka m'mbuyo, amvekere, 'Mutengeni mwana! Mutengeni!' Basi anapita kuseri kwa nkhokwe na mtsuko wa madzi."

"Uthenga wa maliro unafika nthawi yanji?"

"Eyiti itakwana."

Sajeni anapinda mapu pang'onopang'ono. Iyenso anali mwana wa kum'mawa, ndipo mwambo ankaudziwa: wogwira mtembo sakhudza khanda asanasambe mankhwala. A Ezron anakana mdzukulu wawo ola lathunthu mudzi usanamve kuti kuli maliro.

Kuseri kwa nkhokwe anapeza phale lokhala ndi masamba osinja, dothi likadali lonyowa. Panjira ya kudimba, kamtengo ka mombo kanali kosendedwa luzi chatsopano, utomoni usanaume.

Nthawi ya 4:10 anawapeza a Ezron kumapeto kwa munda wa chimanga. Anali atakhala pansi pafupi ndi kamtumbira kokhala ndi mtanda wathabwa, wolembedwa kuti Peterson Mbewe, 1944. Khasu linali pambali pawo. Sanadzuke, sanathawe.

"Mwachedwa, a Sajeni," anatero mkuluyo. "Nakudikirani kuyambira m'mawa."

Sajeni anavula chipewa, nakhala pansi nawo. "Munamanga bwino zala zija, atate."

"Ninali kuti nimusiye ngati galu? Ni mpongozi wanga uja. Denga la nyumba yanga anafolera ni iye." Analoza mtumbira ndi chibwano. "Mudziwa muli chiyani umu? Mulibe munthu. Muli thunthu la nthochi. Mwana wanga woyamba anapita na asilikali, nakwera sitima ya pamadzi. Ananiuza pa chulu paja kuti, 'Atate, nizabwerako mvula isanagwe.' Kunabwera kalata chabe. Tinaika nthochi kuti mzimu wake upeze pogona. Zaka khumi na zitatu nilimira udzu nthochi, a Sajeni."

"Ndiye lero?"

"Ninakamudikira pa kamtsinje, pakuti pamudzi mpongozi salankhula zotere na mkamwini. Ninavula chipewa, ninagwada. Ine, mkulu, kugwadira mwana. Ninati, 'Apongozi, pitani nokha. Nisiyireni Rosaria na kamwana kali na dzina la malemu.' Iye anaseka. Osati monyoza, iyayi. Kuseka kwa munthu wokondwa. Ananidzutsa, natambasula pepala lake kuti anionetse nyanja, kuti ni kamadzi kochepa. Ndiye anati..." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Anati, 'Atate, tizabwerako mvula isanagwe.' Mau omwe aja. Pamene anatembenuka kuti akwere njinga, ninangoona nthochi zitatu zili m'mizere pano. Dzanja linakwera lokha na mpini. Kamodzi chabe. Ninamuitana, ninamuitana, sanayankhe."

Mphepo inkaliza mapesi ouma. Sajeni anatulutsa mapu m'thumba, nawatembenuza. Kumbuyo kwake Tenson analemba masiku onse a ulendo, limodzi limodzi, ndi zilembo zazing'ono zoongoka.

"Mumawerenga, atate?"

"Sininapite kusukulu."

"Mverani mzere womaliza." Sajeni anawerenga mosathamanga. "'Tsiku lomaliza, ku msika wa ku Firenze: kugula chipewa cha udzu cha apongozi, chachikulu, poti dzuwa la kudimba liwapweteka maso. Kupempha bwana timitengo tiwiri ta mphesa, tikabzale nawo limodzi kuseri kwa nkhokwe. Kufika kwathu Okutobala, tisanachedwe kugalauza munda.'"

A Ezron anaweramitsa mutu. Kenaka mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Werenganinso," anatero.

Sajeni anawerenganso.

Unyolo sanawamange pomwepo. Anaganiza zodikira mpaka atapitirira chulu, kuti mwana wawo wamkazi asaone. Koma njira yochokera kumunda inkadutsa pabwalo, ndipo Rosaria anali ataima pakona ya nyumba. Anayang'ana bambo ake, nayang'ana khasu lomwe linali m'manja mwa Sajeni, ndipo nkhope yake inamvetsa zonse mawu asanatuluke.

Kamwana kokha ndiko sikanadziwe kanthu. Kataona agogo ake kanaseka, n'kutambasula timanja tonse tiwiri.

A Ezron anaima. Anali atasamba mankhwala m'mawa uja, monga mwa mwambo, ndipo palibe chinawaletsa. Koma anayang'ana zikhatho zawo, nazibisa kumbuyo, n'kupitirira chamutu pansi kulowera kumene kunali njinga yamoto.