Tulo ta Filimoni

Mtembo wa Filimoni Mbewe unapezeka Lachiwiri m'mawa m'kamtsinje ka kuseri kwa Mkaika, uli chafufumimba, njinga ili pambali. Madziwo sankafika ndi m'mawondo momwe.

Sajeni Yotam Sakala wa ku Katete anautembenuza. Bala panalibe, koma fungo la kachasu.

"Analedzera basi," anatero anthu.

Sakala sanavomere. Filimoni ankamudziwa, botolo limodzi silinkamugwetsa. Nanga analephera bwanji kudzutsa mutu m'timadzi totere?

Malemuyo anali wamitala. Lero amagona kwa Ottilia, mkazi wamkulu, mawa tsidya la mtsinje kwa Towela, mkazi wamng'ono. Sakala anayambira kwa wamkulu. Anamupeza maso ali psuu, olowa m'kati.

"Kafunseni kamtsikana kajako," anatero Ottilia. "Kali ndi mwamuna ku Sinda, amakabweretsera sopo."

Sakala anakwera basi mpaka ku Sinda. Mwamunayo anapezeka kuti ndi mlongo wake wa Towela. Tsiku linapita pachabe.

Lachitatu anaitanitsa Towela kupolisi.

"Munkakhala bwanji ndi amuna anu?"

"Kukhala kwake kuti, bwana? Mwezi uno akafika kwanga amangogwa pamphasa ndi nsapato zomwe. Mkonono ngati chigayo. Ndinkati andilodzera."

"Tsiku lililonse?"

"La ine lokha. Kwa amayi aakulu ndimamva kuti amacheza bwinobwino."

"Asanawoloke amadya kuti?"

"Amamwa thobwa konko. Ati mwamuna sachoka kwa mkazi wamkulu kukhosi kuli gwa."

Sakala anapita kukiliniki ya m'deralo. Atafunsa za Ottilia, dokotala anakumbuka msanga.

"Amayi Ottilia anabwera kuti tulo sakutiona. Ndinawapatsa mapilisi a masabata awiri okha. Ndinawauza kuti limodzi pogona, osamwera mowa, osapatsa wina. Anabweranso kufuna ena, ndinakana. Mankhwala amenewa thupi limawazolowera."

Madzulo Ottilia anakhala pabenchi ya kupolisi, manja ali pamiyendo.

"Mayi, mapilisi aja anakuthandizani?"

"Kwambiri."

"Nanga anansi anu akuti mumasesa pabwalo tambala asanalire? Maso anuwo ndi a munthu wogona?"

Ottilia anayang'ana pansi.

"Simunamweko ndi limodzi lomwe," anatero Sakala. "Amene ankamwa ndi a Mbewe, m'thobwa."

Mayiyo anaseka pang'ono, kuseka kowawa.

"Ine ndinalima nawo thonje mpaka tinakhoma malata. Malata atakwera, akuti ndakalamba. Tsiku la mtsikana uja ine ndimakhala maso mpaka kucha, kuganiza zimene akuchita tsidyalo. Ndinati ngati ine sindigona, iwo akagone. Akampatse mkonono wokhawokha."

"Lolemba munaika angati?"

"Limodzi linali litasiya kugwira. Ndinaona mtsikana uja pachitsime akuimba, chitenje chatsopano m'chiuno. Ndinaphwanya onse otsala."

"Munkadziwa kuti amaima pa kachasu asanawoloke?"

"Ndakhala nawo kuyambira ndili namwali. Ndingalephere kudziwa?"

"Ndiye mwapha munthu, mayi."

Ottilia sanakane. Anaimirira yekha, n'kumanga bwino duku lake. Pakhomo la selo anatembenuka.

"Bwana, mtembo ukachoka kuchipatala mukawauze abale awo. Usakafikire kwa Towela. Ukagone m'nyumba mwanga. Wamkulu ndine."