Kabatani Anauzidwa Kuti Asasunthe

Sendererani kuno, kokani mpandowo. Nkhani iyi siyofuna kukweza mawu, chifukwa eni ake akadali moyo, ndipo ine ndimadutsa pakhomo pawo tsiku ndi tsiku. Sukulu sindinapite nayo patali, koma cholowa m'khutu langa sichituluka.

Kumapeto kwa msewu wathu kuli nyumba ya zipinda zitatu ya telala wina wokalamba. Tonse timangoti a Telala. Amakhala ndi akazi awo, mayi ofatsa amene khutu lawo lakumanja linafa kalekale, ndi mwana wawo mmodzi, mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu. Iyeyu amakonza mawailesi ndi mafoni pa benchi lake kumsika, ndiye dzina lake linangosanduka Kawaya. Ndi wa mtima wapachala, ndipo funso lopanda yankho limamuyabwa ngati chitedze.

M'chipinda chake munali chinthu chimene chinkamuyabwa chiyambire ubwana. M'munsi mwa khoma munali soketi, ndipo pa soketipo panali chingwe chakuda chachikale, chamutu wa mano atatu opindika. Kawaya anakonzapo zipangizo zamitundumitundu, koma sanaonepo cholowa mano amenewo. Akafuna kuchizula, mayi ake ankamugwira dzanja. Akafunsa, bambo ake ankapondereza makina osokera mpaka funso limire m'phokoso.

Lolemba lina madzulo zonse zinali monga mwa masiku onse. Mayi anamwa mapiritsi awo n'kukagona. A Telala ankapinda miyendo ya thalauza loyera la kasitomala. Kawaya, akupukuta mbale, anangotchula kuti ku depoti yakale ya mabasi, imene inatsekedwa iye asanayambe kukwawa, agwetsa malata onse a mpanda ndipo akufuna kumangapo masitolo.

Singano inalowa m'chala cha a Telala. Magazi anadonthera pa thalauza loyera. Zaka makumi anayi akusoka, zimenezo zinali zisanachitikepo.

Usiku umenewo Kawaya anadzidzimuka chifukwa agalu a mumsewu anasiya kuuwa onse nthawi imodzi. Kenako anamva kuyenda. Phazi limodzi kuponda, linalo kukokedwa. Phwa, khwee. Phwa, khwee. Kuyendako kunathera pakhomo pawo.

Go, go, go.

Kugogodako sikunali pamwamba pomwe amagogoda munthu wamkulu. Kunali m'munsi, cha m'chiuno.

Atatuluka m'chipinda anapeza bambo ake ali chiimire mumdima, msana atatsamiritsa chitseko, kiyi atafumbata. Anawafunsa kuti ndani. Iwo anati ndi mphepo.

"Mphepo ya zala, Ababa?"

Anamuuza kuti akagone. Anawafunsanso kawiri, katatu. Munthu wamkulu sanachoke pa chitsekopo. Kutacha, Kawaya anaona pafumbi lapakhomo kaphazi kamodzi ndi mzere wautali pambali pake. Asanaitane mayi ake, a Telala anali atasesa kale, iwo amene tsache sankaligwira.

Usiku wachiwiri Kawaya sanagone. Anakhala pazenera la pabalaza, katani atakankhira pang'ono. Nyale yapamsewu inamuonetsa mwana wamwamuna wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Bondo lakumanzere silinkapinda. Kumutu kunali fumbi ndi ukonde wa kangaude. Malaya ake anali atatha mtundu, koma mabatani ake anali onse, asanu, lililonse mtundu wake, osokedwa ndi kasokedwe kopingasa kamene Kawaya ankakadziwa bwino, chifukwa n'kamene kanali pa yunifolomu yake ya sukulu. Maso a mwanayo sankaphethira.

Anagogoda, n'kuyankhula ndi mawu onga a wailesi yotha mabatire.

"Odi. Ababa, andiuza kuti ndibwere kwathu."

Mwanayo atatembenuka kuti azipita, Kawaya anaona kumbuyo kwa khosi lake. Panali timabowo titatu topindika.

Achinyamata inu simungazidziwe izi. Zaka zimenezo kunabwera kampani ina yopanga ana. Mabanja osowa mphatso ankapita kukatenga. Ana ake anali ofunda ngati munthu, oseka, ophunzira chilichonse chimene wawaonetsa, koma osakula. Usiku ankawalumikiza ku magetsi, ndipo akasowa magetsi khungu lapamsana linkamwa dzuwa pang'onopang'ono, longokwanira kuti asazimiretu. Chachikulu chinali chakuti sankadziwa kukana mawu a munthu wamkulu. Kampaniyo inatha kalekale, ndipo amene anatengako anawo sakonda kukumbutsidwa.

M'mawa Kawaya sanapite kumsika. Anadikira mayi ake apite kukachapa, n'kuzula lamba wa makina osokera, n'kuuika m'thumba. Anati lero palibe phokoso lobisalamo.

A Telala anayankhula ngati munthu wozulidwa dzino. Anati iwo ndi akazi awo anakhala zaka zisanu ndi zinayi opanda mwana, kenako anakatenga ameneyo n'kumutcha Kabatani. Mayi anamukonda ndi mtima wonse. Koma pa shopu anzawo ankawaseka, ankati bambo a wailesi, mwana wanu wadya mabatire angati lero. Kawaya atabadwa, iwo anafuna kuti chitonzocho chithe. Anawauza akazi awo kuti kampani ikufuna ana onse abwezedwe. Mayi analira mlungu wathunthu. A Telala atafika naye Kabatani ku kampani, anauzidwa kuti asayine pepala, kenako amugwire dzanja pamene akumuzimitsa. Zimenezo zinawakanika. Anatuluka naye, anapita naye ku depoti, anamukhazika pa benchi la simenti kuseri kwa ofesi ya matikiti, n'kumuuza kuti akhale pomwepo, asasunthe, iwo akukamugulira nsapato. Patatha mwezi depoti inatsekedwa, n'kuzunguliridwa ndi malata.

Kawaya anawafunsa ngati anabwererako ngakhale kamodzi. Iwo anati chaka chilichonse ankati apita mawa.

Anawafunsa chimene achite tsopano. Iwo anati aganize kaye, mwina mawa.

Mtsikana anamenya tebulo mpaka mapini anabalalika pansi. Anati bondo la mwanayo iye atha kulikonza pa maola awiri, chingwe chilipo, malo ogona alipo, chovuta n'chiyani? Atsegule chitseko basi. A Telala anati mtima wa mayi ake ndi wofooka, akadziwa afa. Kawaya anati zaka zonsezi mayi akhala akupukuta fumbi pa chingwe cha mwana amene ali pa benchi, ndiye kufa kwake n'kuti kumene akuopa. Koma kiyi inakhalabe m'thumba la a Telala, ndipo mayi atabwera ndi zochapa, Kawaya anatsegula pakamwa, anakumbukira mapiritsi awo a mtima aja, n'kumeza mawu. Tsiku lonse anadzikwiyira yekha.

Usiku wachitatu agalu anakhalanso chete. Phwa, khwee. Bambo ndi mwana wake anaima pa chitseko, wina akutchinga, wina akulanda kiyi, akukangana monong'ona.

Go, go, go.

Kumbuyo kwawo nyale inayaka. Mayi anali ataima pakhomo la chipinda, chingwe chakuda chija chili m'manja. Usiku umenewo anagonera khutu lakufa, lamoyo lili pamwamba.

"Bambo a Kawaya, munati munamubweza."

Mayi anasendera pafupi ndi chitseko.

"Tsegulani. Mwana wanga ali panja."

A Telala analowetsa kiyi. Anatsegula pang'ono, mongokwanira thupi lawo, n'kutuluka. Kawaya asanaike phazi, chitseko chinatsekeka, kiyi n'kuzungulira kunja. Anawakhomera m'nyumba.

Kawaya anagunda chitseko ndi phewa. Mayi anagwada, n'kuika khutu lamoyo pa thabwa, akumuuza kuti akhale chete amve. Kunjako kamawu kaja kanati:

"Ababa, pepani, ndinasuntha. Abambo a chigalimoto chogwetsa nyumba anati ndipite kwathu."

Kenako kanafunsa:

"Nsapato zija munazipeza?"

Zimene a Telala anayankha palibe anazimva. Anangomva kuyenda kwa anthu awiri kukutalikira, wina wokoka phazi, wina wokalamba. Mayi anaitana dzina la Kabatani mpaka mawu anatha. Kawaya anathamangira zida zake n'kuyamba kumasula mahinjesi ogwira chitseko, koma zomangira zake zinali zadzimbiri, ndipo chitseko chinagwa patatha ola. Mumsewu munalibe munthu.

M'bandakucha Kawaya anawapeza bambo ake ku depoti yakale. Malo onse anali atasalazidwa, kungotsala benchi la simenti lija. Mbali imodzi ya benchilo inali yoyera, yopanda ndere, kukula kwake ngati pokhala kamwana. A Telala anakhala pambali pake, manja pamaondo, mame ali m'tsitsi.

Kawaya anawafunsa kuti mwana ali kuti.

"Wati ndikhale pano, ndisasunthe. Wati miyendo yanga yatopa, nsapato akazifuna yekha."

Anawakoka dzanja. Anawanyengerera, anawakalipira, analira ndi ukali. Munthu sanasunthe. Anati akachoka, Kabatani adzapeza palibe munthu.

Tsopano yatha miyezi itatu. Madzulo amuna awiri amawanyamula n'kuwabweretsa kunyumba, koma kukamacha amapezeka ali pa benchi. Omanga masitolo atopa nawo, angomanga mozungulira. Makina osokera anachita dzimbiri, ndipo thalauza loyera lija mwini wake anadzalitenga losatha.

Mumsewu mwathu anthu amanong'ona. Ena amati mwanayo anabwezera, zaka makumi awiri ndi zitatu si masewera. Koma mlonda wa omanga aja amalumbira kuti anawaona akufika usikuwo, mwanayo atawagwira dzanja a Telala, ndipo anayamba wapukuta benchi ndi malaya ake asanawakhazike. Kawaya akamva za kubwezerazo amapsa mtima. Amati anawo kubwezera sakudziwa, amangochita zimene anaonetsedwa, ndipo Kabatani anaonetsedwa njira imodzi yokha yosiyira munthu amene umamukonda.

Chimene chimamupweteka Kawaya kwambiri n'chakuti mawu amodzi okha akanakwana. Wina akanangomuuza Kabatani kuti lowa, akanalowa. Wazungulira m'masitolo onse a nsapato, wafunsa alonda ndi oyendetsa mabasi a usiku. Wina amati anamuona mwanayo ataima pawindo la sitolo, wina amati anamva phazi lokokedwa kuseri kwa msika. Akathamangirako amapeza mzere pafumbi basi.

Nsapato anagula, zakuda, zazingwe. Zili pakhomo. Chitseko anachibwezera koma loko anachotsa, ndipo mayi amagona pabalaza, khutu lamoyo lili pamwamba, chingwe chili pa soketi.

Ndiye ine pempho langa ndi laling'ono. Nkhaniyi musaisunge nokha, auzeniko anzanu, makamaka oyenda usiku. Wina akadzakumana ndi kamwana kokoka phazi, ka mabatani osiyana mitundu, asadzathawe. Adzangokauza mofatsa kuti nsapato zinapezeka, kapite kwawo, ndipo kakafika kasakagogode, kakangolowa.