Tamando ndi Swichi Yolimba

Tamando amakhala ku Area 9. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Iye ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuyatsa magetsi m'chipinda chowerengera cha abambo ake.

Abambo ake anamwalira mwezi watha. Chipindacho chinatsala mu mdima. Palibe amene ankalowamo.

Swichi ya m'chipindamo inali yolimba. Amayi inkawakanika. Azakhali a Eveless nawonso inkawakanika. Abambo okha ndiwo ankaitha. Ankaidina ndi chala chachikulu. Kha!

Tsiku lina masana, Tamando anakwera pampando. Anadina ndi chala chimodzi. Swichi sinasunthe. Anadina ndi zala ziwiri. Swichi sinasunthe. Kenako anasanjikiza zala zazikulu zonse ziwiri. Anakankha. Anakankhanso. Kha!

Koma babu silinayake.

Tamando anangoti kakasi. Anaganiza kuti waononga swichi ya abambo. Anatsika pampando. Sanauze munthu. Iye sanadziwe kuti magetsi anali atazima dera lonse.

Madzulo azakhali anabwera kuchokera ku Msika wa Tsoka. Amayi anali pakhonde, akusenda mbatata. Kuseri kwa mpanda, ana anakuwa kuti magetsi abwera.

Pomwepo zenera la chipinda cha abambo linawala. Ngwee!

Mpeni wa amayi unagwa pansi. Amayi anagwira pakamwa. Azakhali anataya thumba lawo. Matimati anagubuduka bwalo lonse.

"Alamu, m'menemo muli ndani?" anafunsa azakhali monong'ona.

Azakhali anayamba kupemphera. Anati wina athamange akaitane abusa.

Tamando anagwira chitenje cha amayi.

"Amayi, ndine. Ndiye kuti sindinaononge?"

Amayi anamuyang'ana. Azakhali anamuyang'ana. Azakhali anati mwana sangaithe swichi imeneyo. Anati iwo omwe inawathyolapo chikhadabo.

Onse atatu analowa m'chipindamo. Tamando anakwera pampando. Anasanjikiza zala. Kha! Mdima. Anasanjikizanso. Kha! Ngwee!

Magalasi a abambo anali patebulo. Chipewa chawo chinali pamsomali.

Amayi anakhala pansi. Anatenga manja a Tamando. Anayang'ana zala zake zazikulu zija. Anaseka, misozi ili m'masaya.

"Zala za abambo ako zenizeni," anatero.

Tsiku limenelo anadyera mbatata m'chipindamo. Azakhali anatola matimati onse.

Tsopano dzuwa likalowa, amayi amamusendezera mpando Tamando kuti ayatse magetsi m'chipinda chija.