Kamtima Kooneka pa Galasi

Celestina anakumana ndi Dyson pamsika wa Katuli, chaka chachitatu chithawireni nkhondo ya ku Mozambique. Iye ankagulitsa zitumbuwa. Dyson anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu, wa pakamwa pa shuga.

"Duwa langa, ine ndilibe wina. Ndikukwatira, uiwale zoti ndiwe wothawa kwawo."

Akanakana ndani? Koma mimba itafika miyezi isanu ndi umodzi, makalata a "wako mpaka imfa" anangoti zii.

Kusikelo, namwino anamva kuti mtima wa mwana sukugunda bwino. Anamutumiza kuchipatala china ku boma, kumene dokotala wobwera anali ndi makina oonera mwana m'mimba.

Kumeneko amayi ankawaitana ndi dzina la mwamuna lolembedwa pa khadi.

"Mayi Dyson Kachingwe!"

Ananyamuka awiri. Winayo anali Esitere, wa mphete ku chala, nayenso mimba ili patsogolo.

"Iwe ndiwe ndani?" Esitere anakalipa. "Unathawa zipolopolo kwanu kuti udzabe amuna a eni kuno? Wopanda manyazi!"

Celestina anamva ngati wathiridwa madzi ozizira. Namwino anamukokera mkati.

Dokotala anayendetsa kachipangizo pamimba pake. Pa galasi panaoneka kamtima kakuphethira, kakang'ono ngati nyemba.

"Mtsempha waukulu wochoka mumtimamu ndi wopapatiza," anatero. "Mwanayu akabadwire ku Blantyre, apo ayi tingamutaye. Bambo ake akuperekezeni, atiuzenso ngati matendawa aliko ku mtundu kwawo."

Potuluka, Celestina anapeza Dyson ali ndi njinga, atabwera kudzatenga mkazi wake.

"A Dyson, mtima wa mwana wanu uli ndi vuto. Akuti tipite ku Blantyre."

Dyson anayang'ana Esitere, kenako pansi.

"Mayi, ine sindikukudziwani."

Munthu angakane magazi ake masanasana chonchi? Celestina anapukuta misozi ndi nsalu, nayankha mwaukali.

"Chabwino, musandidziwe! Ndipita ndekha. Koma kalongosoleni za mtundu wanu kwa adokotala, poti mwana winayu magazi ake ndi omwewo."

Esitere anagwira mimba yake ndi manja onse awiri. Iye anali asanalowe kwa dokotala.